Kulimbitsa milatho yakale yachitsulo ndi malamba a ulusi wa kaboni: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ophunzira zauinjiniya, oyang'anira ntchito zomangamanga ndiponso anthu ena amene anamva kuti mlatho wolemera matani mazanamazana ungalimbitsidwe pomatapo lamba wakuda wopyapyala. Tayambira pa mafunso osavuta n'kumapita ku ozama, ndipo zitsanzo zambiri ndi za milatho chifukwa ndi kumene njirayi yayesedwa kwambiri.

Kodi zipangizo zopepukazi n'chiyani kwenikweni?

Ndi zinthu ziwiri zophatikizidwa kukhala chimodzi: ulusi wowonda kwambiri kuposa tsitsi la munthu, ndi utomoni wa epoxy umene umagwirizanitsa ulusiwo ukauma. Ulusi ndiwo umanyamula katundu, pamene utomoni umausunga pamzere ndi kuuteteza. Ulusiwo ukakhala wa kaboni, mainjiniya amalemba chipangizocho mwachidule kuti CFRP, ndipo ukakhala wa galasi amalemba kuti GFRP.

Kaboniyu amafika pamalo a ntchito m'njira ziwiri. Ina ndi malamba ouma kale opangidwa kufakitale, okhuthala mamilimita 1.2 kapena 1.4 nthawi zambiri, amene amamatidwa pamalo osalala ndi owongoka. Ina ndi nsalu yofewa imene imanyowetsedwa ndi utomoni pomwepo n'kukulungidwa pa chitsulo chokhota kapena chozungulira. Kulemera kwake kuli pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa chitsulo cha msinkhu womwewo, moti lamba wotalika mamita makumi angapo amapindidwa ngati nkhata yaikulu ndipo munthu mmodzi amakwera naye pa makwerero.

Kodi chitsulo chimakalamba motani?

Njira yodziwika kwa aliyense ndi dzimbiri, limene limadya chitsulo pang'onopang'ono mpaka chiwalo chimene chinali chokhuthala chitapyapyala, makamaka m'makona momwe mumakhala madzi, fumbi ndi zitosi za mbalame. Njira yachiwiri siioneka msanga: ndi kutopa kwa chitsulo. Aliyense amene anathyolapo waya poupinda uku ndi uku kambirimbiri amakudziwa kutopa kumeneku. Sitima kapena lole iliyonse ikadutsa, mtanda wa mlatho umapindika pang'ono n'kubwerera, ndipo zimenezi zikachitika kambirimbiri kwa zaka makumi ambiri, mng'alu waung'ono umayamba pa bowo kapena pamalo owotcherera n'kumakula. Mlatho wa Silver Bridge ku America unagwa mu 1967 n'kupha anthu 46 chifukwa cha mng'alu waung'ono kwambiri pa chiwalo chimodzi chokha.

Chinthu chachitatu si vuto la chitsulocho. Mlatho umene anaukonzera sitima ndi ngolo za zaka zana zapitazo lero ukunyamula katundu amene oumanga sanamuganizire.

Bwanji osangowotcherera chitsulo china pamenepo, kapena kuchimanga ndi mabawuti?

Nthawi zina imeneyo ndiyo njira yoyenera, ndipo palibe chifukwa choinyozera. Vuto ndi lakuti zitsulo zambiri zakale sizilola kuwotcherera. Chitsulo cha cast iron, chofanana ndi cha miphika ya miyendo itatu ija, chimang'aluka chikatenthedwa mbali imodzi, ndipo cha wrought iron (chitsulo chakale chosulidwa) komanso zitsulo zina zoyambirira zili ndi zosakanikira zimene zimachititsa kuti malo owotchererawo akhale osadalirika. Ngakhale pa chitsulo chamakono, m'mphepete mwa malo owotcherera ndi momwe ming'alu ya kutopa imakonda kuyambira, choncho munthu angathe kuchiza nthenda ina n'kubzala ina.

Mabawuti nawo amafuna mabowo, ndipo bowo lililonse limachepetsa chitsulo chimene chinali chitachepa kale. Pamwamba pa zimenezi, chitsulo chowonjezeracho n'cholemera, chimafuna makina onyamulira, chimachititsa kuti msewu kapena njanji itsekedwe kwa nthawi yaitali, ndipo nachonso chidzachita dzimbiri.

Lamba wopyapyala chotero angathandize bwanji mtanda waukulu wachitsulo?

Yankho la funso ili ndilo maziko a ena onse, choncho tilifotokoza mofatsa. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza: mphamvu imene chinthu chingapirire chisanaduke, ndi kukana kwake kutamuka pamene chikukokedwa. Pa mbali yoyamba kaboni ali patali zedi. Lamba wamba wa CFRP amaduka pa mphamvu ya pafupifupi 2,800 MPa (MPa ndi muyeso wa mphamvu imene ikukoka kapena kufinya chinthu), pamene chitsulo chomangira chimayamba kugonja pakati pa 250 ndi 355 MPa. Koma pa mbali yachiwiri, lamba wamba yemweyo ali ndi muyeso wa pafupifupi 165 GPa (apa nambala ya GPa ikakula, ndiye kuti chinthucho chimakana kutamuka kwambiri), pamene chitsulo chili ndi 200 kapena 210 GPa. Izi zikutanthauza kuti kaboni wamba amatamuka mosavuta kuposa chitsulo chimene wabwera kudzachithandiza.

Lamba akamatidwa pansi pa mtanda, awiriwo amatamuka mofanana. Chitsulo chimayamba kugonja chikatamuka ndi mamilimita osakwana 2 pa mita iliyonse, pamene lambayo angatamuke ndi mamilimita 15 kapena kuposa asanaduke. Choncho pa nthawi imene chitsulo chafika pamalire ake, lamba wamba amakhala atangogwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake. Nambala yaikulu ija ya 2,800 imene ogulitsa amakonda kuitchula sithandiza kwenikweni pa katundu wa tsiku ndi tsiku.

N'chifukwa chake pa chitsulo mainjiniya amasankha kaboni wa mtundu wina, wokana kutamuka kwambiri, wa muyeso wa 300 GPa kapena kuposa 400 GPa, ngakhale kuti ndi wokwera mtengo ndipo sachedwa kuthyoka akapindidwa. Ena amasanjikiza malamba angapo, ndipo ena amamukunga lambayo asanamumangirire, monga tafotokozera pa funso la ming'alu. Ulusi wa galasi, umene umatamuka kuwirikiza kangapo kuposa chitsulo, suthandiza pa mitanda, koma uli ndi ntchito zina ziwiri zimene tazitchula m'munsimu.

Pali mfundo inanso imene imaiwalika kawirikawiri. Lamba amangonyamulako katundu amene wabwera iye atamatidwa kale. Kulemera kwa mlatho weniweniwo kumakhalabe pa chitsulo chakale, pokhapokha mtanda utatukulidwa ndi majeke pa nthawi yomata kapena lambayo atakungidwa.

Kodi njirayi inayamba liti, ndipo yagwiritsidwa kale ntchito pa milatho yeniyeni?

Kumata zigamba za ulusi pa chitsulo chong'aluka kunayambira pa ndege. M'zaka za m'ma 1970 Alan Baker ndi anzake ku Australia ankamata zigamba za ulusi wa boron pa ndege za asilikali. Pa zomangamanga, ntchito yaikulu inachitikira ku Empa, malo ofufuzira zipangizo a dziko la Switzerland, motsogozedwa ndi Urs Meier. Mu 1991 mlatho wa konkire wa Ibach pafupi ndi Lucerne unakonzedwa ndi malamba a kaboni olemera makilogalamu 6 ndi pang'ono, pamalo pamene pakanafunika chitsulo cha makilogalamu 175.

Pa milatho yachitsulo, dziko la Britain ndilo linafulumira chifukwa lili ndi milatho yambiri ya cast iron imene singawotchereredwe komanso imene malamulo osunga zinthu zakale salola kuisintha maonekedwe. Mlatho wa Tickford ku Newport Pagnell, womangidwa mu 1810, unalimbitsidwa ndi kaboni mu 1999 ndipo ukunyamulabe magalimoto. Mlatho wa Hythe ku Oxford unaikidwa malamba okungidwa kuti uzitha kunyamula malole a matani 40. Cast iron amatamuka mosavuta kuposa chitsulo chamakono, choncho kaboni amamulanda gawo lalikulupo la katundu, ndipo chimenechi n'chifukwa china chimene njirayi inayambira pa milatho yamtunduwu. Ku America akatswiri a pa yunivesite ya Delaware anamata malamba pa mtanda wa mlatho wa pa msewu wa I-95 n'kuyeza mmene unkapindikira malole akamadutsa, asanamate ndiponso atamata. Malangizo olembedwa anatsatira: bungwe la CIRIA ku Britain linatulutsa ake mu 2004, ndipo ku Italy anatulutsa awo mu 2005.

Kodi ntchito yomata imayenda bwanji?

Kumata kwenikweniko kumatenga nthawi yochepa. Chimene chimadya nthawi ndi kukonza chitsulo. Penti yense ndi dzimbiri lonse ziyenera kuchoka mpaka chitsulo chitayera, ndipo njira yodalirika ndi kuchipala ndi mchenga wapadera wowomberedwa ndi mphepo ya makina, umene umasiyanso khungu lokhakhala loti guluu agwirepo. Burashi ya waya ndi sandipepala sizikwanira. Milatho yambiri yakale inapakidwa penti wokhala ndi mtovu, choncho malo ogwirirapo ntchito amatchingidwa kuti fumbi lisagwere mumtsinje kapena kupumidwa ndi antchito.

Chitsulo chopalidwa chimayambanso kuchita dzimbiri m'maola ochepa, makamaka kukakhala chinyezi, motero guluu kapena mankhwala otsogolera ayenera kupakidwa tsiku lomwelo. Maenje amene dzimbiri linasiya amadzazidwa kuti lamba agone pamalo osalala. Guluu wa epoxy amabwera m'zitini ziwiri zimene zimasakanizidwa pa muyeso wake weniweni, osati wongoyerekeza ndi maso. Amapakidwa mokhuthala milimita imodzi kapena awiri, kenako lamba amakanikizidwa mpaka guluu wotsala atatulukira m'mbali, kuti musatsale mpweya m'kati. Guluu amatenga masiku angapo kuti alimbiretu, ndipo kunjenjemera kwa mlatho m'maola oyambirira kungamufooketse, choncho nthawi zina magalimoto olemera amayamba aimitsidwa kaye.

Lamba akalephera, amalephera motani?

Si kawirikawiri kuti aduke. Chimene chimachitika ndi kumatuka, ndipo kumayambira kumapeto kwa lamba, pamene mphamvu yonse yochoka m'chitsulo kulowa mu kaboni imaunjikana pa kachigawo kakang'ono ka guluu. Pa konkire, konkireyo ndi amene amanyotsoka. Pa chitsulo, chofooka kuposa zonse ndi guluu. Kumatukako kungachitike mwadzidzidzi popanda chenjezo.

Pofuna kupewa zimenezi, mainjiniya amatalikitsa lamba kuti akathere pamalo pamene mtanda sukupindika kwambiri, amasema mapeto ake kuti apyapyale pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri amaikapo zopanira zachitsulo. Ife timaona kuti aliyense woyang'anira ntchito yotereyi ayenera kuthera nthawi yake yambiri pa kayeretsedwe ka chitsulo ndi kasakanizidwe ka guluu kusiyana ndi pa mapepala onena za mphamvu ya kaboni, pakuti kaboni amachokera kufakitale atayesedwa kale, pamene kamatidwe kamapangidwira pamlatho pomwepo, ndi manja a anthu, pa nyengo ya tsiku limenelo.

Ngati kaboni sachita dzimbiri, n'chifukwa chiyani ena amati amadyetsa chitsulo dzimbiri?

Zonse ziwiri n'zoona. Kaboni amadutsitsa magetsi, ndipo akakhudzana ndi chitsulo pamalo onyowa, makamaka ndi madzi amchere, awiriwo amakhala ngati batire laling'ono limene chitsulo ndicho chimadyeka. Mankhwala ake ndi kuwalekanitsa: guluu wokhuthala mokwanira amachita ntchito imeneyi, ndipo ambiri amaika nsalu yopyapyala ya ulusi wa galasi pakati, chifukwa galasi silidutsitsa magetsi. M'mphepete mwa lamba mumatsekedwa ndi kupakidwa penti kuti madzi asalowe.

Kudutsitsa magetsi komweko n'kumene kumachititsa kuti pakhale kusamala kwapadera pogwira ntchito pafupi ndi mawaya a sitima zamagetsi.

Nanga kutentha kwa dzuwa ndi moto?

Guluu wa epoxy amene amauma yekha panja amayamba kufewa pa kutentha kwa pakati pa madigiri 50 ndi 65, ndipo chitsulo chakuda chokhala padzuwa chingafike pafupi ndi pamenepo. Malangizo ambiri amafuna kuti kutentha kofewetsa guluu kupose kutentha kwakukulu kumene chitsulocho chidzakumane nako ndi madigiri 15 kapena kuposa. Pali guluu wopirira kutentha, ndipo kuumitsa guluu ndi zofunda zamagetsi kumakweza malire akewo. Penti wowala nayenso amathandiza, komanso amateteza utomoni ku kuwala kwa dzuwa.

Chinanso n'chakuti chitsulo chimatalika kukatentha n'kufupika kukazizira, pamene kaboni sasintha kwenikweni m'litali mwake. Kukokanakokana kumeneku kumachitika usana ndi usiku uliwonse, ndipo guluu wa kumapeto kwa lamba ndi amene amakumva.

Pa moto, yankho ndi lalifupi: guluu amasiya kugwira moto usanafike n'komwe pofooketsa chitsulo. Choncho lamulo limene mainjiniya amatsatira ndi lakuti mlatho kapena nyumba ikhale yotha kudzinyamula yokha pamodzi ndi katundu wina wochepa ngakhale malamba onse atamatuka. Chomangidwa chimene sichingaime popanda malambawo si choyenera njirayi.

Kodi mng'alu umene wayamba kale ungaimitsidwe ndi kaboni?

Apa ndi pamene njirayi imaonetsa phindu lake lalikulu. Mng'alu wa kutopa umakula chifukwa umatseguka ndi kutsekeka nthawi iliyonse katundu akadutsa. Chigamba chomatidwa modutsa mng'aluwo chimachepetsa kutsegukako, ndipo kukula kwake kumachedwa. Nthawi zambiri amayamba aboola kabowo kosalala kunsonga kwa mng'alu, njira yakale imene ikugwirabe ntchito, kenako n'kumata chigamba pamwamba.

Koma chothandiza kwambiri ndi kukunga lamba, monga mmene mlenje amakungira uta. Lamba amakokedwa ndi jeke, n'kumangiriridwa ku mtanda ali chikokedwere, ndipo pofuna kubwerera amafinya chitsulo chimene chili pakati. Mng'alu wofinyidwa chotero sutseguka mokwanira kuti ukule, ndipo mphamvu ikakhala yokwanira umaimiratu. Kukunga kumathetsanso vuto lija tinalitchula pa funso lachinayi, lakuti mphamvu zambiri za kaboni zimangokhala osagwira ntchito.

Milatho yakale ili ndi mitu ya ma rivet (misomali yokhuthala yolumikizira zitsulo) paliponse. Lamba angamatidwe bwanji pamalo otero?

Sangamatidwe bwino, ndipo akatswiri a ku Empa, kuphatikizapo Elyas Ghafoori ndi Masoud Motavalli, anapeza njira yosafuna guluu konse. Malamba amagwiridwa kumapeto ndi zopanira zimene zimaluma mtanda popanda kuboola bowo, kenako amakankhidwira pansi ndi timizati kuti akungike, osakhudza chitsulo pakati ponse. Popeza palibe kumata, palibenso kupala penti, kutentha kwa dzuwa sikudetsa nkhawa ngati kale, ndipo zonsezo zingamasulidwe popanda kusiya chipsera pa mlatho.

Njirayi inaikidwa pa mitanda yopingasa ya mlatho wa njanji wa Münchenstein pafupi ndi Basel, womangidwa mu 1892, utapitirira zaka 120 ukugwira ntchito, ndipo anaikapo timakina toyeza totumiza uthenga popanda waya kuti aziona ngati kukungikako kukuchepa. Malowa ali ndi mbiri yake: mlatho woyamba pamenepo, wa kampani ya Gustave Eiffel, unagwa ndi sitima mu 1891 n'kupha anthu oposa 70, ndipo mmodzi mwa amene anafufuza ngoziyo anali Ludwig von Tetmajer, mkulu woyamba wa Empa yomweyo. Pambuyo pake njira yofanana nayo inaikidwanso pa mlatho wakale wa Diamond Creek ku Melbourne.

Ndi pati pamene njirayi sithandiza?

Kaboni amachita bwino pokokedwa, choncho malo ake enieni ndi pansi pa mitanda ndi pa ziwalo zokokedwa. Pa mizati ndi ziwalo zofinyidwa thandizo lake limachepa ndipo kuwerengera kwake n'kovuta. Pa mfundo zolumikizira, pamene pali ma rivet ambiri ndi makona, kawirikawiri sipapezeka malo omatapo. Mlatho wa I-35W ku Minneapolis, umene unagwa mu 2007 n'kupha anthu 13, unagwa chifukwa cha zitsulo zolumikizira zimene zinali zopyapyala kuyambira pachiyambi, ndipo malamba omatidwa pansi pa mitanda sakanasintha kanthu. Chiwalo chimene dzimbiri lachidya mpaka kuchiboola n'chofunika kuchisintha. Ndipo ngati gwero la dzimbiri ndi madzi odontha kuchokera pamwamba, kumata kaboni madziwo asanatsekedwe ndi kungobisa chilonda.

Kodi si yokwera mtengo kwambiri?

Pa kilogalamu, kaboni amaposa chitsulo kutalitali. Koma pa ntchito yokonza mlatho ndalama zambiri zimapita ku makina onyamulira, nsanja zogwirirapo ntchito, malipiro a antchito ndi kutseka msewu kapena njanji, ndipo zonsezi zimachepa zipangizo zikakhala zopepuka. Kumene kutseka njira kumawonongetsa ndalama zambiri, kaboni amapambana. Kumene chitsulo chingawotchereredwe bwino ndipo palibe changu, chitsulo chingakhale chotsika mtengo.

Zingadziwike bwanji kuti lamba akadagwirabe patapita zaka?

Njira yoyamba ndi yosavuta: woyendera amagogoda lamba ndi kanyundo kakang'ono kapena ndalama yachitsulo, ndipo pamene pamatuka pamamveka phokoso logonthera. Makamera oona kutentha ndi makina a ultrasound, oyeza ndi mafunde a phokoso, amaonetsa malo omatuka molondola kwambiri. Pa nthawi ya ntchito amamatanso tizidutswa tina pambali, timene timazulidwa ndi makina pambuyo pake kuti ayeze mphamvu ya guluu popanda kukhudza lamba weniweniyo.

Tiyenera kunenanso kuti lamba amaphimba chitsulo chimene woyendera akanachiona ndi maso. Pachifukwachi zithunzi ndi miyeso ya mng'alu uliwonse ziyenera kusungidwa ntchito isanayambe, ndipo mlatho wolimbitsidwa uyenera kuyenderedwa mosalekeza monga kale. Malamba oyamba anamatidwa pa milatho m'zaka za m'ma 1990, choncho msinkhu wawo ndi waung'ono poyerekeza ndi wa chitsulo chimene malambawo akuchichirikiza.

Kodi ndi milatho yokha?

Ayi. Mapaipi a mafuta, gasi ndi madzi amene apyapyala ndi dzimbiri amakulungidwa ndi nsalu ya kaboni kapena ya galasi, nthawi zina osaimitsa n'komwe zoyenda m'katimo, ndipo popeza palibe moto wowotcherera, ngozi ya kuphulika imachepa. Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake odziwika, ISO 24817 ndi ASME PCC-2. Njirayi imagwiritsidwanso ntchito pa matanki, pa sitima zapamadzi ndi pa mitanda ya m'mafakitale, ngakhale kuti m'nyumba nkhani ya moto imakhala yolemera kuposa pa mlatho.

Kodi ingagwire ntchito m'dera lathu lino?

Milatho yachitsulo yokalamba tili nayo. Wa pa mathithi a Victoria, wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, ndi wa mu 1905. Wa Birchenough pa mtsinje wa Save ndi wa mu 1935. Ndipo wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti njanji yochokera ku Nyasaland ifike ku Beira. Milatho ya msinkhu umenewu, ya ma rivet ndiponso yovuta kuitseka kwa miyezi, ndi mtundu umene njira yokunga malamba popanda guluu anaikonzera.

Koma pali zinthu zitatu zimene injiniya wa kuno ayenera kuziyang'ana mosiyana ndi mnzake wa ku Switzerland. Choyamba ndi kutentha: m'chigwa cha Shire ndi cha Zambezi mpweya weniweniwo umapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, choncho guluu wamba amene amakwanira ku Ulaya angakhale pafupi kwambiri ndi malire ake, komanso amauma msanga m'chitini asanapakidwe. Chachiwiri ndi anthu ndi zida: makina opalira chitsulo, malo ozizira osungiramo guluu ndi amisiri ophunzitsidwa ziyenera kukhalapo lamba woyamba asanagulidwe.

Chachitatu ndi kudziwa chimene chikuwononga mlathowo. Milatho yambiri imene inawonongeka ku Malawi ndi ku Mozambique pa namondwe wa Freddy mu 2023 inagonja chifukwa madzi anakokolola dothi la kumaziko ndi la m'mbali, ndipo vuto lotero silichizidwa ndi lamba. Pa milatho ya Bailey, yomangidwa polumikiza zigawo zachitsulo zopangidwa kale, imene ili yambiri m'misewu yathu yakumidzi, chigawo chowonongeka chimazulidwa n'kuikapo china, ndipo kutero n'kwapafupi kuposa kuchimata. Kaboni alingaliridwe pamene kuyeza kwaonetsa kuti maziko ali bwino, mfundo zolumikizira zili bwino, ndipo chotsala ndi mtanda wotopa kapena wopyapyala umene sungawotchereredwe kapena kuchotsedwa mosavuta.